Tsiku Limene Ndinakweza Agogo Fumiko pa Phiri la Aso

Ndagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Maryland kwa zaka khumi ndi zinayi, ndipo mwa onse amene ndawasambitsa ndi kuwamwetsa mankhwala, palibe anandiwawitsa mutu ngati agogo Fumiko a ku Bowie. Tiyi ndikamupanga ankati watentha, ndikamuziziritsa ankati ndi madzi otsukira mbale. Anabadwira ku Japan, kufupi ndi mzinda wa Kumamoto, ndipo anabwera ku America ali mtsikana atakwatiwa ndi mzungu amene anamwalira ine ndisanayambe ntchito pakhomopo. Nthawi imene ndikunenayi anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu kudza zisanu ndi chimodzi. Mtima wawo unali wofooka, moti akayenda kuchoka kuchipinda kufika pakhonde ankapuma ngati akwera chitunda, ndipo kwina konse tinkawakankha pa wilutcheya.

Mwana anali naye mmodzi, a Daniel, bambo wa imvi zoyamba kumene, wokhala ku Fairfax ndipo ankagwira ntchito ku kampani ina yogwirira boma makontirakiti. Sanali munthu woipa, koma ine ankandiona ngati mbali ya katundu wa m'nyumba. Akabwera Lamlungu ankandifunsa ngati mayi awo amwa mankhwala, maso ali pafoni, ndipo yankho langa lisanathe anali atalowa kale m'khitchini.

Chaka chimenecho agogo anayamba nyimbo imodzi: akufuna kukaona udzu wa pa phiri la Aso asanafe. Anati bambo awo ankadyetsa ng'ombe zofiira kumeneko, ndipo iwo ali kamtsikana ankawaperekera chakudya. Dokotala anavomera monyinyirika. Anati wosamalira apite nawo, asazizidwe, ndipo asayandikire kukamwa kwa phirilo chifukwa limafuka utsi woipa kwa odwala mtima. Ndi mmene ine Edina, mwana wa ku Dedza wokhala m'fulati ya zipinda ziwiri ku Hyattsville, ndinapezekera pa ulendo wa ku Japan.

Pali chinthu chimodzi chimene pakhomopo sankachidziwa bwino. Ndisanabwere kuno ndinayendetsa galimoto ya chipatala cha mishoni kwa zaka zisanu ndi zinayi, kutsika ndi kukwera msewu wa m'mapiri wa Khwekhwelere m'chilimwe ndi m'dzinja momwe. Nditauza mnzanga wa kutchalitchi, mai Chanda a ku Lusaka, za ulendowu, anandigwira dzanja pakhomo la tchalitchi.

"Ku Japan bayendesa kumanzere monga kwatu," anatero m'Chinyanja chawo chija. "Katenge chabe pepala yoyendesera kunja. Siuziba vamene vingachitike."

Ndinakatengadi chilolezocho, n'kuchiika pansi pa chikwama pamodzi ndi makina oyezera magazi. Agogo anachiona tsiku lina ndikulongedza, anachitembenuza uku ndi uku, n'kundibwezera.

Tsiku lonyamuka mwana wanga Thoko anandisiya ku Bowie m'mamawa. Ndinamulangiza m'Chichewa za kutseka zitseko ndi kuthirira mpiru wanga wa pakhonde, iye n'kumandiyankha m'Chingerezi monga mwa masiku onse. A Daniel anafika mochedwa ndi ola lathunthu chifukwa anali ndi msonkhano wa pakompyuta. Ndinawauza kuti pa msewu waukulu wa Beltway nthawi imeneyo pamakhala podzadza, iwo anati foni yawo ikusonyeza kuti msewu uli bwino. Tinadutsa College Park ndi Silver Spring tikuyenda, koma titayandikira mlatho wa pa mtsinje wa Potomac magalimoto anaima njii. Lole ya mchenga inali itafera pakati pa msewu. Tinakhala pamenepo mphindi makumi anayi, a Daniel akugogoda chiwongolero ndi zala, agogo akudandaula kuti ndawaiwalira chipewa chimene chinali pamutu pawo pomwe. Ku bwalo la ndege la Dulles tinafika thukuta lili kamukamu, ndipo chinatipulumutsa ndi wilutcheya, chifukwa anatidutsitsa pamzere wa odwala.

Za ndege sindinena zambiri. Tinakhala m'mwamba nthawi yaitali mpaka miyendo yanga inatupa ngati zinangwa, tinatera ku Tokyo, tinakweranso ina yaing'ono mpaka ku Fukuoka, n'kugona pa hotela ya pafupi ndi bwalo. Ulendo weniweni unayamba m'mawa mwake, pa ofesi yobwereketsa magalimoto.

A Daniel anapereka mapepala awo kwa mtsikana wa pa kauntala. Agogo anandikoka malaya n'kunena kuti ndiwapatse pasipoti yanga ndi kabuku kaja kanali pansi pa chikwama. Analankhula ndi mtsikanayo m'Chijapani kwa kanthawi, mtsikanayo akuweramitsa mutu ndi kulemba, kenaka anandilozera posayina. A Daniel anali atapita panja kukajambula galimoto mbali zonse, ndipo atabwerera sanafunse chimene chinachitika.

Galimoto yake inali yoyera, yaitali msinkhu, yokwana wilutcheya kumbuyo. A Daniel anatsegula chitseko cha kumanzere n'kupeza kulibe chiwongolero, ndipo anazungulira akuseka chamumtima. Atangoliza injini, mawu a mzimayi anayamba kulankhula m'Chijapani kuchokera pa dashibodi. Ine ndinaseka mpaka misozi. Mawu amenewo ndinkawadziwa. Magalimoto akaunjika odzadza mu Lilongwe amachokera ku Japan komweko, ndipo ya mlongo wanga ku Area 25 imalankhula mawu omwewo m'mawa uliwonse, iye n'kumayankha kuti, mwadzuka bwanji nanunso. Kwa nthawi yoyamba ndinafunsa tanthauzo lake, ndipo agogo anati mzimayiyo akungonena kuti khadi yolipirira pa tologeti sinalowetsedwe.

Tikanamvera mzimayiyo bwenzi zinthu zitayenda bwino. Potuluka mu Fukuoka a Daniel ankati akafuna kukhota, m'malo mwa indiketa ankayatsa mawaipa, moti tinayenda mumzinda wonse tikupukuta galasi louma dzuwa likuswa mtengo. Pa tologeti yoyamba analowa mpata wa anthu a makhadi. Mtengo wotchinga sunakwere. Kumbuyo kwathu kunandanda magalimoto khumi kapena kuposa, ndipo chimene chinandidabwitsa n'chakuti palibe ndi mmodzi yemwe analiza hutala. Kunabwera bambo wachikulire wovala yunifolomu, anaweramitsa mutu ngati wolakwa ndi iyeyo, anatipatsa tikiti pamanja n'kutitsegulira. A Daniel makutu anafiira.

Msewu waukulu wolowera kumwera unali wosalala ngati tebulo. Tinadutsa Tosu ndi Kurume, minda ya mpunga wokolola kale uku ndi uku, mapiri obiriwira patali. Ine ndinakhala kumbuyo ndi agogo, koma maso anga anali pa mzere woyera wa m'mbali. A Daniel ankangosendera kumanzere, matayala n'kumalira pa timizere tochenjeza tija. Ndinawauza mwaulemu kuti woyendetsa azidziona kuti ali pafupi ndi mzere wa pakati, thupi lidzazolowera lokha. Anayankha kuti ayendetsa galimoto zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo ndingoonetsetsa kuti mayi awo ali bwino. Ndinatseka pakamwa.

Tinaima pa malo opumulira a m'mbali mwa msewu kuti agogo adye ndi kumwa mankhwala. Kuchimbudzi ndinapeza mabatani ochuluka ngati a pa wailesi, ndipo limene ndinadina pofuna kugujumula linayamba kuliza phokoso la mtsinje. Agogo anali pakhomo akundidikira, ndipo ndi tsiku limenelo ndinawamva akuseka mokweza koyamba chiyambire ntchito. Anaitanitsa mbale ya zakudya zonga sipageti zosambira mumsuzi woyera wa nkhumba, ndipo munthu amene ku Bowie ndinkachita kumunyengerera masupuni atatu anamaliza mbale yonse. Mtsikana wogulitsa ankamwetulira akamva Chijapani chawo. Agogo anandiuza kuti akuti amalankhula ngati anthu a m'mafilimu akale.

Ku Kumamoto tinafika masana. A Daniel anali atalemba mndandanda wa malo oti tikaone, ndipo tinayamba ndi paki ya m'mbali mwa kanyanja ka Ezu, mumzinda momwemo, kumene madzi amatumphuka pansi ali mbee moti umaona nsomba ndi mchenga. Ndinawakankha agogo m'tinjira ta pansi pa mitengo, ana a sukulu akudutsa pa njinga, akuluakulu akuwedza. Ine malowo anandisangalatsa. Agogo anayang'ana pang'ono n'kunena kuti awa ndi madzi a anthu a m'tauni, iwo sanawolokere nyanja zimenezi.

M'mawa mwake tinalunjika kum'mawa, kudzera tauni ya Ozu, msewu ukukwera pang'onopang'ono. Makina olozera njira ankanena zawo, agogo ankanenanso zawo, ndipo a Daniel anasankha kumvera mayi awo. Agogo ankafuna kuwolokera pa mlatho wina waukulu umene anaudutsa ulendo wawo womaliza kubwera kwawo, mwamuna wawo akadali moyo. Titafika pamalopo tinapeza mpanda, chikwangwani, ndi phompho. Mlathowo unagwa pa chivomerezi cha zaka zapitazo, ndipo tsidya linalo kunkaoneka chidutswa chake chikulendewera. Agogo nkhani ya chivomereziyo anaimva pa wailesi ya kanema nthawi imeneyo, koma zikuoneka kuti mtima wawo sunauze maso. Anayang'ana phompholo. Kenaka anati tiyeni, ndipo tinabwerera pang'ono kukawolokera pa mlatho watsopano.

Tsidya linalo ndi chigwa cha midzi ndi minda, phiri lili kumanzere, mutu wake utabisala m'mitambo. Agogo anati tipatuke kuti aone pamene panali nyumba ya makolo awo. Tinasiya msewu waukulu n'kulowa kamsewu kopapatiza ka pakati pa minda ya mpunga, kokwana galimoto imodzi ndi theka. M'mbali mwake munali ngalande ya simenti yakuya kufika m'bondo, yosavundikira. Ndinaiona, ndinatsegula pakamwa, ndinakumbukira za zaka makumi atatu ndi zisanu zija, n'kutsekanso. Kutsogolo kunatulukira kalole kakang'ono koyera. A Daniel anakhotetsera kumanzere kuti akapatse mpata, ndipo tinangomva kuti gwaa, galimoto n'kupendekeka. Tayala lakutsogolo linali m'ngalande.

Choyamba ndinagwira agogo. Lamba anawagwira bwino, sanagunde paliponse. Ndinawayeza magazi pomwepo, anali atakwera koma osati moopsa, ndipo ndinawafunditsa bulangete. A Daniel anatuluka, anayang'ana tayala, n'kukhala pansi m'mbali mwa munda manja ali kumutu. M'kalole muja munatsika bambo wokalamba wa nsapato za mphira ndi mkazi wake wovala chipewa chachikulu chophimba mpaka m'khosi. Anaweramitsa mitu kambirimbiri, n'kuyamba kulankhula ndi agogo pawindo.

Ku Japan galimoto yobwereka ikangokhudza chinthu pamafunika kuitana apolisi, choncho agogo anaimba foni ku kampani ndi kupolisi, iwo kukhala otanthauzira a mwana wawo yemwe Chijapani chake chinathera pa moni. Kenaka tinadikira. Mphepo inkawomba m'ziputu za mpunga, akhwangwala akulira mofanana ndi a kwathu. Mayi wa chipewa uja anapita kunyumba kwake n'kubwera ndi tiyi wobiriwira m'fulasiki ndi zipatso zofiirira zonga matimati koma zotsekemera, n'kumasenda ndi kampeni akutigawira. Iye ndi agogo anayamba kufunsana za mabanja, uyu anakwatiwa kuti, uja anamwalira liti. Zinapezeka kuti nyumba ya makolo a agogo inaphwasulidwa kalekale, pamalopo pali shedi yosungira mathalakitala. Agogo anangogwedeza mutu.

Wapolisi anafika patatha ola, mnyamata waulemu wa magolovesi oyera. Anayeza, anajambula, analemba. A kampani anati galimoto yokoka ingafike pakatha maola atatu chifukwa ili kutali, koma ngati tingaitulutse tokha ndipo wapolisi n'kuona kuti ikuyenda bwino, tikhoza kupitiriza. A Daniel atamva za maola atatu anaimirira n'kunena kuti ulendo wathera pomwepa. Anati galimoto ikatuluka aitana takisi yotibweza ku Kumamoto, mayi awo akapume, ndipo phirilo adzalionera pawindo la hotela. Ndinawamvetsa, chifukwa munthu amene watsala pang'ono kuvulaza mayi ake omubereka mtima suukhala m'malo.

Ine ndinali nditagwada kale kuyang'ana pansi pa galimoto. Palibe chinkadontha, chitsulo chogwira tayala sichinapindike, galimoto inangokhalira mimba pa mlomo wa simenti. Zoterezi ndinazionapo kambiri m'matope a ku Mtakataka. Ndinavula juzi, ndinamanga chitenje m'chiuno, n'kutulutsa jeke kumbuyo. Bambo wa nsapato za mphira anandiyang'ana, ine ndinamusonyeza ndi manja thabwa lalitali ndi miyala. Anamva msanga kuposa anthu ambiri amene timalankhula nawo chinenero chimodzi. Anathamangira ku kalole kake n'kubwera ndi matabwa awiri okhuthala ndi zidutswa za mitengo. Tinatsitsa agogo n'kuwakhazika pa wilutcheya m'mbali mwa msewu. Ndinakweza galimoto ndi jeke, bamboyo akulonga mitengo m'ngalande pansi pa tayala, tinatsitsa, tinasuntha jeke, tinakwezanso, mpaka tayala linafika pofanana ndi msewu ndipo tinalowetsa thabwa pansi pake. Wapolisi anavula magolovesi ake n'kugwira nawo. A Daniel anabweranso n'kufunsa choti achite, ndipo ndinawauza kuti akankhe kutsogolo ndikawauza.

Panatsala kuti wina alowe aibweze m'mbuyo. A Daniel anayang'ana kiyi m'dzanja mwawo ngati ndi khala la moto.

"Mupatse Edina kiyiyo," anatero agogo ali pa wilutcheya.

A Daniel anayankha kuti sizingatheke, malamulo salola munthu wosalembedwa pa mapepala a kampani kugwira chiwongolero, makamaka wapolisi ali pomwepo. Agogo analankhula mawu ochepa kwa wapolisiyo, iye anatsegula mapepala aja n'kuloza ndi chala. Dzina langa linali pamenepo, pansi pa la a Daniel, ndi siginecha yanga.

"Ndinamulembetsa ku Fukuoka iwe ukujambula matayala," anatero agogo. "Ndakhala kumbuyo kwa galimoto yake zaka zitatu popita kwa dokotala. Ndikudziwa woyendetsa ndikamuona."

Ndinalowa. Chiwongolero kumanja, giya kudzanja lamanzere, galasi pamalo pamene diso langa linaphunzirira kulipeza ndili mtsikana. Zaka zonse za ku America ndimayendetsa mochita kuganiza, koma apa thupi linangokhala ngati lafika pakhomo pa mayi ake. Ndinawongola matayala, ndinaponda pang'onopang'ono, thabwa linalira, ndipo galimoto inakwera pamsewu bwinobwino. Mayi wa chipewa anawomba m'manja. Wapolisi anandiuza kuti ndiyende pang'ono ndi kuponda buleki, anayang'ana pansi, n'kunena kuti zili bwino.

A Daniel anayesanso kunena za takisi, koma mawu anali atachepa mphamvu. Anandifunsa ngati ndikuona kuti mayi awo angapirire. Aka kanali koyamba kundifunsa maganizo anga n'kudikira yankho. Ndinawauza zoona: magazi atsika, milomo ili ndi mtundu wabwino, adya. Ndinati tikwere, koma ikakwana fili koloko titsike, kaya taona kaya sitinaone, chifukwa kuzizira kwa madzulo pamwamba sikungawachitire bwino. Agogo anandiyang'ana ndi diso loipa koma sanatsutse. Tinatsanzikana ndi banja lija, iwo akuwerama, ife tikuwerama, mpaka ndinaona kuti tikapanda kunyamuka tiwerama mpaka dzuwa kulowa.

Msewu wokwera phirilo kuchokera kumwera ndi wokhotakhota ngati njoka yomenyedwa. Pamakona ena anaikapo magalasi ozungulira oti uone chimene chikubwera. A Daniel anakhala kumbuyo ndi mayi awo. Poyamba ndinkawaona pagalasi akuponda buleki ya m'maganizo pakona iliyonse, koma titadutsa nkhalango ya mikungudza anasiya. Mitengo itatha tinalowa m'chifunga. Chinabwera mwadzidzidzi, choyera ngati ufa, moti ndinkangoona mzere wa pakati ndi zitsulo za m'mbali. Ndinayatsa magetsi, ndinatsitsa giya, ndinatsegula windo pang'ono kuti ndizimva ndi makutu, monga ndinkachitira pa Dedza mwezi wa June. Ndi makutu omwewo ndinamva basi ikutsika isanaoneke. Ndinasendera kumbali n'kuima, ndipo inatulukira pakona itadya mbali ya msewu wathu, n'kudutsa chapafupi kwambiri moti ndinaona nkhope za anthu m'mawindo. Woyendetsa wake anakweza dzanja.

Pamwamba, pa malo otchedwa Kusasenri, tinapeza poimika magalimoto, nyumba zodyera ndi zogulitsa mphatso, ndi chifunga chokhachokha. Dambo la udzu limene tinadzera ulendo wonsewu linali tsidya la msewu, koma ngakhale mpanda wake sunkaoneka. Nthawi inali itangopitirira wani koloko. Tinalowa m'nyumba yodyera n'kukhala pawindo, kuyang'ana kuyera.

Kudikira kumeneko kunali kowawa kuposa kwa m'ngalande. Anthu a m'mabasi ankabwera, kujambula chifunga, kugula mabisiketi, n'kumapita. Agogo anakana chakudya. Anangoti maso pagalasi, manja pa bulangete. A Daniel anapita kukagula tiyi n'kubwera ndi makapu atatu, ndipo yanga anaiika m'manja mwanga. Anandifunsa kumene ndinaphunzirira za jeke ndi matabwa. Ndinawafotokozera za chipatala cha mishoni, za amayi apakati amene ndinkakwera nawo Khwekhwelere mvula ikugwa, ndi za mwana wina amene anabadwira m'galimoto yanga pakona yachitatu, makolo ake n'kumutcha dzina langa ngakhale anali wamwamuna, anangolisintha kukhala Edi. A Daniel anamvetsera mpaka kumapeto, foni ili m'thumba. Kenaka anati pepani chifukwa cha zimene ananena pa msewu waukulu dzulo lake. Ndinati zapita.

Thu koloko inakwana, kenaka hafu pasiti. Ndinayamba kukonza m'mutu mawu oti ndiwauze agogo. Ntchito yathu ili ndi mbali imeneyi, yoti ukhale iwe wonena kuti basi, ndipo munthuyo akudane nawe. Ndinali nditayamba kupinda bulangete lachiwiri pamene mayi wogulitsa m'nyumbamo ananena mawu amodzi akuloza panja. Mphepo inali itatembenuka. Chifunga chinayamba kung'ambika ngati nsalu yakale, choyamba mpanda, kenaka akavalo atamangidwa pamzere, kenaka dambo lonse: udzu wofiirira wonga tsekera ukugwedezeka mpaka kuphiri, dziwe pakati pake, ng'ombe zofiira zitabalalika patali, ndipo chakumanzere utsi woyera ukukwera kuchokera kukamwa kwa phiri.

Tinawoloka msewu mothamanga ndi wilutcheya, koma potsikira ku udzuwo panali masitepe ndi nthaka ya mabampu. A Daniel anafuna kuwanyamula m'manja ngati mtolo, ndipo ndinaona kuti agwa nawo. Ndinamasula chitenje changa n'kuwauza kuti awerame. Ndinawakweza agogo kumsana kwa mwana wawo, ndinakulunga chitenje pansi pawo, n'kumanga mfundo ziwiri pachifuwa pa a Daniel monga timaberekera ana kwathu. Bambo wa makontirakiti a boma anatsika masitepe atabereka mayi ake pa chitenje cha maluwa achikasu cha mumsika wa Lizulu, azungu ndi Ajapani akupatuka kuwapatsa njira.

Titalowa m'udzu agogo anati awatsitse. Anati ndiwavule nsapato. Ndinafuna kukana chifukwa cha kuzizira, koma ndinawavula. Anaima okha, anakana dzanja langa, anakana la mwana wawo, n'kuyenda. Ndinawerenga mumtima monga ndimachitira pakhonde la ku Bowie, kumene sanapitirirepo mapazi khumi ndi awiri. Apa anafika makumi atatu ndi limodzi. Ataima anayamba kulankhula m'Chijapani, akuloza uku ndi uku, osatembenuka. A Daniel anaima pambali pawo, ndipo ngakhale sankamva, sanawadule. Patapita kanthawi agogo anasinthira ku Chingerezi n'kuyamba kumuuza mwana wawo kumene kunkadutsa njira ya ng'ombe, kumene ankabisala mvula, ndi dzina la ng'ombe imene inawathamangitsa ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ine ndinabwerera m'mbuyo pang'ono kuwasiya awiriwo. Ndinayang'ana manja anga akuda ndi girisi wa jeke, ndipo ndinamva kukoma mumtima kumene sindinakumvepo chifikire ku America.

Fili koloko itakwana sindinachite kunena. Agogo anatembenuka okha n'kukweza manja kuti aberekedwe. M'galimoto ndinawaveka masokosi awiriawiri, ndinawamwetsa mankhwala, ndinawayeza. Manambala anali abwino kuposa a m'mawa. Ndikulonga makina, agogo anati kumunsi kwa phirili, mbali imene tinachokera, kuli kasupe wa Shirakawa kumene madzi amabwatamuka mumchenga, ndipo amayi awo ankati womwa madzi amenewo sadwala chifuwa. Anati kumeneko n'kotsika, kulibe mphepo, ndipo pa mndandanda wa mwana wawo palibe chifukwa mwana wawo sadziwa kanthu.

A Daniel anayang'ana wotchi, anayang'ana msewu wokhotakhota umene tsopano unkaoneka wonse mpaka kuchigwa, kenaka anayang'ana ine.

"Mayi Edina, dzuwa likadalipo. Inu mukuti bwanji?"

Ndinagwira manja a agogo, anali ofunda. Ndinatseka chitseko chawo, ndinazungulira kumanja, n'kukhala pampando wanga.

"Mangani malamba," ndinatero, ndipo tinayamba kutsika.